Mankhwala amakono a khansa amayambira mu labotale: phunziro la EpCAM kwa anthu a ku Namadzi

Ku Namadzi, pa msewu wa M3 pakati pa Blantyre ndi Zomba, n'kovuta kupeza munthu wamkulu amene sanamvepo za CD4. Chiradzulu ndi kumene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV mu 2001, Unduna wa Zaumoyo usanayambe kuwagawa ulere m'dziko lonse mu 2004, ndipo posakhalitsa chithandizocho chinafika m'zipatala zing'onozing'ono za m'bomali, kuphatikizapo cha Namadzi. Agogo, amayi ogulitsa tomato pamsika, anyamata a kabaza, onse anaphunzira kufunsa kuti, "Adokotala, CD4 yanga ili pa zingati?" Chimene chinkawerengedwa mu labotale ndi maselo oteteza thupi, aja timawatcha asilikali a m'thupi, amene ali ndi kapuloteni kotchedwa CD4 kunja kwake. Kachilombo ka HIV kamagwira kapuloteni kameneka kuti kalowe m'selo, ndipo makina amatsata kapuloteni komweko powerenga maselo otsala. Choncho anthu a kuno anaidziwa kale mfundo imene sayansi yamakono ya khansa yaimapo: selo lililonse lili ndi zizindikiro kunja kwake, ndipo amene wachidziwa chizindikirocho angathe kulipeza selolo, kuliwerenga, ngakhalenso kulipha.

Pa mndandanda wa zizindikiro umene uli ndi CD4, pa nambala 326, pali puloteni ina yodziwika ndi dzina loti EpCAM. Kwa zaka zoposa 45 akatswiri akhala akuyesa kuigwiritsa ntchito polondolera chitetezo cha m'thupi kuti chikaphe khansa, ndipo m'zaka zimenezi kugwa kwakhala kochuluka kuposa kupambana. Ine ndikuona kuti mbiri imeneyi ili ndi phunziro lolunjika kwa ife. Mankhwala a mtundu uwu amagwira ntchito pa chotupa chokhacho chimene chayezedwa, n'kudziwika kuti chachokera ku maselo ati ndipo chanyamula chizindikiro chanji. Dziko limene silitha kuyeza zotupa za anthu ake mwachangu silingapindule ndi mankhwalawa ngakhale litawalandira ulere. N'chifukwa chake ndikunena kuti ngati Malawi akufuna kudzalawa phindu la chithandizo chatsopano cha khansa, ndalama ndi maphunziro ziyambire ku labotale yoyeza zotupa, ndi pa njira imene zotsatira zake zimadzera pobwerera kwa wodwala wa kumudzi.

Maselo okuta ziwalo

Pafupifupi chiwalo chilichonse chimene chimakumana ndi chakudya, mpweya, mkodzo kapena dzuwa chimakutidwa ndi maselo oyalana mothithikana. Ali pakhungu, m'kamwa, kummero, m'matumbo, m'mapapo, m'chikhodzodzo, m'tinjira ta mkaka m'bere ndi pakhomo la chiberekero. Madokotala amawatcha epithelium, ndipo khansa yoyambira pa maselo amenewa amaitcha carcinoma. Khansa zambiri za akuluakulu ndi za gulu limeneli, chifukwa maselowa ndi amene amakumana ndi utsi, mowa ndi tizilombo, komanso amagawikana kawirikawiri kuti alowe m'malo mwa anzawo ofa, ndipo kugawikana kulikonse kumapereka mpata woti malangizo a mu DNA alembedwe molakwika. Malinga ndi chiyerekezo cha bungwe la IARC cha 2020, anthu pafupifupi 18,000 amadwala khansa chaka chilichonse m'Malawi muno, ndipo oposa 12,000 amamwalira nayo. Amayi oposa 4,000 amadwala khansa ya khomo la chiberekero pa chaka, ndipo pafupifupi 2,900 amatisiya. Tikatengera kuchuluka kwa anthu, dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene ali pamwamba penipeni pa imfa za khansa imeneyi, chimodzimodzinso pa khansa ya kummero. Ziwiri zonsezi ndi carcinoma. Kaposi sarcoma ndi lymphoma, zimene zinachuluka ndi mliri wa Edzi, zimachokera ku maselo ena ndipo zilibe EpCAM.

EpCAM ndi puloteni yaing'ono ya timagawo 314 totchedwa ma amino acid, ndipo imabooleza khungu la selo. Mbali yaikulu ili kunja, kachigawo kena kali m'khungumo, ndipo kamchira ka timagawo 26 kali m'kati mwa selo. M'thupi la munthu wathanzi imapezeka pa maselo a m'matumbo, a mu kapamba, a m'tinjira ta ndulu, a mu impso ndi a m'ziwalo zina zotulutsa timadzi. Maselo amenewa amayalana ngati njerwa za khoma la nyumba, ndipo EpCAM imakhala m'mbali ndi pansi pa njerwa iliyonse, pamene pamakhala dothi lomangira, posaonekera kumaso kwa khoma. Khansa ikayamba, dongosolo limeneli limasokonekera, puloteniyo imachuluka n'kufalikira selo lonse. Akatswiri oyeza zotupa a ku Basel m'dziko la Switzerland atafufuza zotupa zikwi zingapo, anapeza EpCAM yochuluka pa pafupifupi zotupa zonse za m'matumbo aakulu, komanso pa zambiri za m'chifu, za prostate ndi za m'mapapo. Apa ndi pamene panagona chiyembekezo: chizindikiro chobisikako pa maselo abwino koma choonekera bwino pa maselo a khansa.

Puloteniyi inatulukiridwa mu 1979 ku Wistar Institute mumzinda wa Philadelphia ku America, pamene Hilary Koprowski, Meenhard Herlyn, Dorothee Herlyn ndi anzawo anabaya mbewa ndi maselo a khansa ya m'matumbo n'kutola ma antibody amene mbewazo zinapanga. Antibody ndi puloteni imene chitetezo cha m'thupi chimapanga kuti ikakamire pa chinthu chimodzi chokha chachilendo, ndipo mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein anali atapeza ku Cambridge njira yopangira antibody ya mtundu umodzi yambirimbiri. Imodzi mwa ma antibody a ku Philadelphia, yotchedwa 17-1A, inkakakamira maselo a khansa, ngakhale kuti panalibe amene ankadziwa ntchito ya chimene inkagwiracho. Mu 1994 Sergey Litvinov ndi anzake ku Leiden m'dziko la Netherlands anaona kuti maselo amene apatsidwa puloteniyi amayamba kuunjikana, ndipo anaganiza kuti ntchito yake ndi kumata maselo. Kenaka zinaoneka kuti ikachuluka imafooketsa E-cadherin, puloteni imene imamanga maselo molimba, ndipo mu 2018 akatswiri a ku Ljubljana ku Slovenia sanapeze umboni woti EpCAM ya selo lina imagwirana ndi ya selo linzake. Mankhwala oyamba, choncho, anapangidwa ntchito yeniyeni ya puloteniyo isanamveke.

Chimene chinasintha kamvedwe ka nkhaniyi ndi kafukufuku wa gulu la Olivier Gires ku Munich, wofalitsidwa mu 2009. Iwo anaonetsa kuti pali mapuloteni ena amene amadula EpCAM kawiri, koyamba kunja kwa selo, kenaka m'kati mwa khungu lake. Kamchira kaja kakaduka kamayenda mpaka pakatikati pa selo pamene pali DNA, n'kugwirizana ndi beta-catenin ndi mapuloteni ena podzutsa malangizo ouza selo kuti ligawikane. Ndiye kuti EpCAM imatenga nawo mbali pa kukula kwa chotupa. Umboni wina unachokera ku matenda obadwa nawo. Mu 2008 kunadziwika kuti makanda obadwa opanda EpCAM yogwira ntchito amatsegula m'mimba kosalekeza kuyambira masabata oyamba, matumbo awo salandira chakudya, ndipo ambiri amakhala ndi moyo chifukwa chodyetsedwa kudzera m'mitsempha. Mu 2009 kunadziwikanso kuti mabanja ena amene khansa ya m'matumbo imayenda ku mtundu kwawo, matenda otchedwa Lynch syndrome, ali ndi kachigawo kosowa kumapeto kwa malangizo a EpCAM pa chromosome 2, ndipo kusowako kumatseka malangizo oyandikana nawo a MSH2, amene ntchito yawo ndi kukonza DNA yolakwika. Thupi labwino limaifuna puloteniyi, ndipo mankhwala aliwonse olimbana nayo amakhudzanso chinthu chimene matumbo athu amadalira.

Mankhwala amene anagwa ndi amene anadzukanso

Antibody ija ya 17-1A inasandutsidwa mankhwala otchedwa edrecolomab, ogulitsidwa ndi dzina loti Panorex. Mu 1994 Gert Riethmüller ndi anzake anafalitsa zotsatira za odwala 189 amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo aakulu, zoonetsa kuti imfa zinali zochepa pakati pa olandira mankhwalawa. Dziko la Germany linawavomereza mu 1995. Koma kafukufuku wamkulu wa odwala 2,761, wofalitsidwa mu 2002, anapeza kuti kuwonjezera edrecolomab pa chemotherapy sikunathandize, ndipo kupereka edrecolomab payekha kunkachepa mphamvu poyerekeza ndi chemotherapy. Mankhwalawo anachoka pamsika. Ena anati vuto linali loti antibody ya mbewa inali yofooka ndipo thupi la munthu linkaichotsa msanga, ndiye anapanga ena okakamira mwamphamvu monga ING-1 ndi 3622W94. Amenewa anafika kumene ofooka aja sankafika, pa maselo abwino a mu kapamba, ndipo odwala ena anatupa kapamba modetsa nkhawa. Solitomab, wopangidwa kuti akoke asilikali a m'thupi n'kuwalumikiza ku selo lililonse lokhala ndi EpCAM, ankavulaza chiwindi ndi kutsegulitsa m'mimba kwambiri moti mlingo wokwanira kugonjetsa chotupa sunatheke kuperekedwa. Mu 2021 bungwe la FDA ku America linakana kuvomereza Vicineum, mankhwala ena a EpCAM a khansa ya m'chikhodzodzo.

Mankhwala amene anaima nji ndi amodzi okha, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kuona vuto limene amathandiza. Khansa ya m'thumba la mazira a mayi, ya m'chifu kapena ya m'matumbo ikafalikira, madzi amayamba kudzaza m'mimba, malita angapo. Mimba imakula n'kulimba, khungu limanyezimira, mchombo umatuluka. Wodwala amalephera kugona chagada, amakhuta ndi mbamu ziwiri za nsima, ndipo amapuma mwabefu chifukwa madziwo amakankha mapapo. Chithandizo chodziwika m'zipatala zathu ndi kuboola pamimba ndi singano yaikulu, cham'munsi chakumbali, n'kulumikiza kapaipi kuti madzi achikasu atsikire m'thumba kapena m'chidebe pansi pa bedi. Wodwala amapumako, amadya, amagona tulo. Koma pakapita masiku ochepa madzi amabwereranso, ndipo kupopa kulikonse kumachotsa mapuloteni m'thupi lofooka kale, kuwonjezera pa ndalama ya ulendo wina wa ku chipatala.

Catumaxomab, wopangidwa ku Munich ndi kampani ya Trion Pharma, ndi antibody ya mikono iwiri yosiyana, theka yochokera ku mbewa, theka ku khoswe. Mkono wina umagwira EpCAM pa selo la khansa, wina umagwira CD3 pa maselo a T, gulu lomwe lija la asilikali limene maselo a CD4 alimo, ndipo tsinde lake limaitana maselo ena omeza adani. Amawathira m'mimba momwemo maulendo 4 m'kati mwa masabata awiri, kuyambira ma microgram 10 mpaka 150. Pa kafukufuku wa odwala 258 wofalitsidwa mu 2010, nthawi yofika pa kupopanso madzi inakwera kuchoka pa masiku 13 kufika pa 77. Khansayo sanaichize, ndipo odwala ambiri ankatentha thupi, kusanza ndi kumva kupweteka m'mimba. Mayiko a European Union anawavomereza mu 2009, chilolezo chinathetsedwa mu 2017 pa zifukwa za malonda, kenaka anavomerezedwanso mu 2025 ndi dzina loti Korjuny. Chinawapambanitsa ndi malo amene amaperekedwa. Nembanemba ya m'kati mwa mimba ndi ya maselo opanda EpCAM, choncho selo lokhala ndi chizindikirochi likapezeka m'madzimo ndiye kuti ndi la khansa. Ndipo chilolezo chawo chimanena momveka kuti ndi a odwala okhawo amene khansa yawo yayezedwa n'kupezeka ndi EpCAM.

Mimba yotupa ku Namadzi

Tsopano taganizirani mimba yotupa yomweyo pa chipatala cha Namadzi. Kuno madzi a m'mimba nthawi zambiri sachokera ku khansa. Amabwera ndi chiwindi chowonongeka ndi hepatitis B kapena kachasu, ndi likodzo la m'matumbo limene lalimbitsa mitsempha ya chiwindi, ndi TB ya m'mimba, kapena ndi mtima wofooka. Kuziona ndi maso, zonsezi zimafanana. Munthu wa TB ya m'mimba amachira ndi mankhwala a miyezi 6 amene alipo kale ulere, koma mayi wa khansa ya m'thumba la mazira akapatsidwa mankhwala a TB mongoganizira amataya miyezi imene opaleshoni ndi chemotherapy zikanamuthandiza. Apa EpCAM ili ndi ntchito lero lomwe, popanda kudikira mankhwala odula. Madzi opopedwa aja akawazunguza pa makina, maselo amatsalira pansi. Katswiri amawaumitsa mu phula, amadula kagawo kopyapyala kwambiri, amakaika pa kagalasi, n'kudonthezapo antibody yotchedwa Ber-EP4 kapena MOC-31. Ngati pali EpCAM, m'mphepete mwa maselo mumasanduka mwa bulawuni, ndipo pa maikulosikopu pamaoneka timizere tozungulira selo lililonse. Maselo wamba a nembanemba ya m'mimba, amene akatupa ndi matenda ena amafanana kwambiri ndi a khansa, kawirikawiri satenga mtunduwo.

Kuyeza komweku kumayankhanso mafunso ena amene zipatala zathu zimakumana nawo. Abale athu achialubino amavutika kwambiri ndi khansa yapakhungu chifukwa cha dzuwa la kumunda ndi kumsika, ndipo khansa imeneyi ili ndi mitundu iwiri ikuluikulu imene nthawi zina imasokoneza ngakhale pa maikulosikopu. Basal cell carcinoma imatenga mtundu wa Ber-EP4, pamene squamous cell carcinoma yapakhungu siitenga. Yachiwiriyi ndi imene imakonda kufalikira, choncho dokotala wa opaleshoni amayenera kuyang'ananso anabere a m'khosi kapena m'khwapa ndi kumutsatira wodwalayo mosamala. Chotupa cha m'chiwindi nachonso chimafuna kusiyanitsa: khansa yoyambira pa maselo enieni a chiwindi nthawi zambiri ilibe EpCAM yambiri, pamene yoyambira m'tinjira ta ndulu kapena yochokera m'matumbo imakhala nayo. Palibe katswiri amene amadalira chizindikiro chimodzi chokha, amayeza zingapo n'kuziwerenga pamodzi ndi maonekedwe a maselo. Koma popanda zipangizo zimenezi, ngakhale dokotala waluso amangotsala ndi kuganizira.

Kwa zaka zambiri ntchito yoyeza zotupa m'dziko muno inkachitikira ku Blantyre, ku chipatala cha Queens ndi ku College of Medicine, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Lilongwe inapeza labotale yake mu 2011 pa Kamuzu Central Hospital mogwirizana ndi UNC Project, ndipo kumeneko akatswiri amakambirana zithunzi za zotupa ndi anzawo a ku America pa intaneti. Komabe madokotala oyeza zotupa akadali owerengeka kwa anthu oposa 20 miliyoni. Wodwala wa ku Namadzi amayamba watumizidwa ku chipatala cha boma ku Chiradzulu, kenaka ku Queens kapena ku Zomba Central, kumene kanyama kamadulidwa n'kuikidwa mu formalin. Ulendo uliwonse ukufuna ndalama ya minibasi ya anthu awiri, wodwala ndi womudikirira, ndipo amene wauzidwa kuti adzabwerenso kudzamva zotsatira sabwera nthawi zonse. N'zoona kuti zinthu zikusintha: chipatala choima pachokha cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kupereka radiotherapy mu 2024, ndipo National Cancer Centre ya boma ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2025. Koma makina amenewanso sawotcha chotupa chosadziwika mtundu wake, ndiye kuti kutsegulidwa kwawo kwawonjezera katundu pa ma labotale ochepa omwewo.

Zimene otsutsa anganene

Wina anganene kuti dziko losauka lisataye nthawi ndi mapuloteni a mayina ovuta pamene lili ndi katemera ndi viniga. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo mbali yake yaikulu ndikugwirizana nayo. Katemera wa HPV anayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013 ndipo anafika m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Kuyeza khomo la chiberekero ndi viniga n'kuwotcha malo okayikitsa tsiku lomwelo, njira imene chipatala cha Nkhoma chinatsogolera, kumapulumutsa amayi pa mtengo wochepa, ndipo kuyambira 2018 Médecins Sans Frontières yakhala ikuthandiza pa ntchito ya khansa imeneyi ku Blantyre ndi ku Chiradzulu. Palibe mankhwala a EpCAM amene angapikisane ndi zimenezi. Koma cholinga chimene World Health Organization inakhazikitsa mu 2020 chili ndi manambala atatu: atsikana 90 pa 100 alionse alandire katemera, amayi 70 pa 100 ayezedwe, ndipo 90 pa 100 mwa opezeka ndi matenda alandire chithandizo. Nambala yachitatuyi imadutsa mu labotale. Tikachulukitsa kuyeza ndi viniga tichulukitsanso amayi opezeka ndi zotupa zofunika kudula kanyama, ndipo kuwapeza popanda kuwauza msanga chimene ali nacho ndi kuwasenzetsa mantha opanda thandizo. Kuwonjezera apo, khansa ya kummero ilibe katemera.

Wina anganene kuti EpCAM yalephera kokwanira, tiisiye. Koma kulephera kwake n'kumene kwaphunzitsa akatswiri kuti antibody yokakamira kwambiri imavulaza maselo abwino, ndi kuti malo operekera mankhwala ndi ofunika mofanana ndi mankhwalawo. Puloteni yofanana nayo kwambiri, TROP2, ndi imene mankhwala a sacituzumab govitecan amatsata, ndipo anavomerezedwa ku America mu 2020 pa mtundu wovuta wa khansa ya m'mawere. Chofunika kwambiri kwa ife n'chakuti benchi, makina ndi manja amene amayeza EpCAM ndi omwewo amene amayeza zizindikiro zina zimene mankhwala ake alipo kale. Amayeza CD20 pa lymphoma, imene mankhwala a rituximab amatsata, ndipo kafukufuku wa ku Lilongwe wofalitsidwa mu 2021 anaonetsa kuti rituximab angaperekedwe bwinobwino kwa odwala a ku Malawi, ngakhale amene ali ndi HIV. Amayeza HER2 pa khansa ya m'mawere. Amayezanso ngati chotupa cha m'bere chimakula ndi mahomoni, funso limene limasankha mayi woyenera kumwa tamoxifen, mapiritsi otsika mtengo amene amathandiza okhawo amene chotupa chawo chili ndi chizindikiro choyenera.

Palinso chifukwa china chimene sitingangodikira kuti a kunja atimalizire kafukufuku. Zambiri zimene zikudziwika za EpCAM zinachokera ku khansa ya m'matumbo, ya m'mawere ndi ya m'thumba la mazira za odwala a ku Ulaya ndi ku America. Khansa zathu ziwiri zikuluzikulu zimayambira kwambiri pa maselo afulati osanjikizana, amene akakhala abwino alibe EpCAM. Gulu la ku Leiden lija linaonetsa mu 1996 kuti pakhomo la chiberekero puloteniyi imayamba kuonekera pamene maselo ayamba kusintha, ndipo imachuluka kusinthako kukamakula. Ofufuza a ku Germany anaipeza pa zotupa zambiri za kummero, koma anaonanso kuti maselo amene athawa m'chotupa n'kukabisala m'mafuta a m'mafupa nthawi zambiri amakhala ataitaya. Vuto lomweli limakhudza makina a CellSearch, ovomerezedwa ku America mu 2004, amene amakola maselo a khansa m'magazi okwana mamililita 7.5 pogwira EpCAM: selo limene lataya chizindikiro limadutsa osagwidwa. Mafunso amenewa ayenera kufunsidwa pa zotupa za anthu athu. Kafukufuku wa 2016 wa zotupa za kummero za Amalawi 59 anaonetsa kuti ntchito yotere ndi yotheka. Ndipo m'boma la Chiradzulu, kumene kafukufuku wa 2013 anapeza akuluakulu 17 pa 100 alionse ali ndi HIV, tiyenera kudziwa mmene mankhwala odalira maselo a T amagwirira ntchito m'thupi la munthu wa ma ARV, pakuti anthu otere akhala akusiyidwa kunja kwa kafukufuku wambiri wa mankhwala a khansa.

Chotsutsa chomaliza ndi mtengo, ndipo n'choona kuti mankhwala a antibody ndi odula moti bajeti ya Unduna wa Zaumoyo siingawagulire aliyense lero. Koma mitengo imatsika. Mu 2000 ma ARV a munthu mmodzi ankadutsa madola 10,000 pa chaka, ndipo mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inawatsatsa pa madola 350. Mu 2019 World Health Organization inavomereza koyamba trastuzumab wotsika mtengo wopangidwa ndi kampani ina, mankhwala otsata HER2 pa khansa ya m'mawere. Mtengo ukatsika, amene amapindula msanga ndi amene anakonzeka kale ndi njira zoyezera, kaundula wa odwala ndi antchito ophunzitsidwa, ndipo kuphunzitsa dokotala mmodzi woyeza zotupa kumatenga zaka zambiri. Pakadali pano mpata wosiyidwa ndi ma labotale ukudzazidwa ndi ogulitsa mabotolo ndi maufa amene amati amakweza chitetezo cha m'thupi n'kuchiza khansa. Mbiri ya EpCAM ikuwatsutsa poyera. Chitetezo chodzutsidwa popanda kulondoleredwa bwino chinatupitsa kapamba ndi kuvulaza chiwindi m'manja mwa akatswiri, ndipo palibe chakumwa chogulidwa pamsika chimene chingaphunzitse asilikali a m'thupi kusiyanitsa selo la khansa ndi selo labwino.

Zoyenera kuchita sizachilendo ndipo sizikufuna chozizwitsa. Zipatala za m'maboma, kuphatikizapo cha Chiradzulu, zikhale ndi anthu ophunzitsidwa kudula kanyama ndi kusunga bwino madzi opopedwa m'mimba, ndiponso formalin wosatha. Galimoto ndi njinga zamoto zimene zimanyamula kale magazi oyeza HIV zinyamulenso zoyeza za khansa, ndipo zotsatira zibwerere pa foni kwa namwino wa ku Namadzi kuti mlangizi wa zaumoyo akamupeze wodwala kumudzi. Ma labotale a ku Blantyre ndi ku Lilongwe apatsidwe bajeti yokhazikika ya ma antibody oyezera, kuti ntchitoyo isamaime pulojekiti ya a kunja ikatha. Kamuzu University of Health Sciences ithandizidwe kuphunzitsa akatswiri ambiri ndi kusunga zotupa, mwa chilolezo cha eni ake, kuti ofufuza athu aziyankha mafunso a khansa zathu. Ndipo Unduna wa Zaumoyo uzifalitsa chaka ndi chaka, boma ndi boma, masiku amene amadutsa kuchokera pamene kanyama kadulidwa kufika pamene wodwala wauzidwa zotsatira. Nambala imeneyo ndi imene mafumu, makhansala, aphungu ndi makomiti a zipatala ayenera kumafunsa pa msonkhano uliwonse wa zaumoyo, mpaka itatsika.